Zingwe Ziwiri za Mlamu Wanga

1

Dzina langa ndine Arsénio, mphunzitsi wa masamu kuno ku Fíngoè, ndipo chaka chatha ndinatsala pang'ono kupasula ukwati wa mlongo wanga ndi madadu awiri ndi katoni ya sopo. Sekani ngati mukufuna, poti a kumsika anaseka kale mokwana. Koma mumve kaye mmene zinayendera.

Masewerawa ndinawatola ku Tete ndili pa maphunziro a uphunzitsi, kwa mnzanga wina wa ku Beira amene ndinkagona naye chipinda chimodzi. Ife timangowatchula kuti jogu. Anthu amakhala mozungulira meza, ndiye kuti tebulo, aliyense n'kusankha munthu woti akhale m'nkhanimo: wina mlenje, wina msilikali, wina wamalonda. Mmodzi yekha, amene timamutcha mesitiri, ndiye mwini dziko lonselo. Iye amafotokoza kumene anthuwo afika ndi tsoka limene lawagwera, kenako amafunsa kuti, “Mutani?” Wosewera amanena chimene munthu wake achite, n'kuponya madadu, timabokosi tija ta madontho. Madontho akachuluka zatheka, akachepa wagwa nayo. Mesitiri naye ali ndi madadu ake, koma amaponyera kuseri kwa katoni, kumene sikufika diso la wina aliyense. Tangoganizani mphamvu yotereyi ili m'manja mwa mphunzitsi amene ana a m'kalasi mwake samumvera.

Tinkasewera Lamulungu lililonse masana pakhonde pa Amayi, tikabwera ku tchalitchi. Poyamba Amayi, a Ilda, sanazifune zimenezi. Anzawo a m'kwaya anawauza kuti pakhonde pawo pakuchitika juga, ena n'kumati ndi maula. Tsiku lina anatulukira atamanga chitenje m'chiuno zolimba, cholinga chili chokataya madaduwo m'chimbudzi. Ndinawapempha kuti ayambe akhala pansi aone. Ola lisanathe anali atasanduka Nyamkuntho, msilikali wamkazi womenya nkhondo ndi munsi, ndipo anali atagwetsa kale achifwamba atatu. Kuyambira tsiku limenelo, wochedwa kufika pa meza ankayankha mlandu kwa iwo.

Luso langa linali lomanga mphambano zopanda njira yabwino. Madzi atsala chikho chimodzi, odwala ndi awiri, umwetsa uti? Mlatho ukupsa, tsidya lino kuli mbewu za mudzi wonse, tsidya linalo kuli mnzako, uthamangira kuti? Anthu akagwira mutu, ine mtima unkangoti myaa. Mlongo wanga Augusta, amene amasoka zovala kumsika, ankati ndinabadwa wopanda chisoni, ndipo ine ndinkaziyesa chiyamikiro.

2

Wosewera wachitatu, pambali pa Amayi ndi Augusta, anali Lino. Ine ndi iye tinabadwa chaka chimodzi, makolo athu atangobwerera kumene kuchokera ku Zambia, ndipo tinakulira limodzi. Amanyamula anthu pa njinga yamoto, imene kuno timati mota, pakati pa Fíngoè ndi Chipera. Amatsimphina mwendo wamanzere. Mukafunsa aliyense kuno akuuzani chifukwa chake: zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ine ndi iye tinapita kukakumba golide ku galimpu, kumaenje kumene anthu wamba amakumba okha, chingwe chinaduka, iye n'kugwera m'dzenje.

M'jogu Lino anali wamalonda a mchere, munthu wamantha woyenda ndi bulu amene anamupatsa dzina loti Diretori, monga timatchulira mkulu wa sukulu. Ankandisowetsa mtendere chifukwa mphambano zanga ankazilambalala. Tsiku lina ndinamuuza kuti mtsinje wasefukira, asankhe chowoloka nacho pakati pa mchere ndi bulu. Iye anamanga msasa pagombe pomwepo n'kuyamba kugulitsa mcherewo kwa anzake odikira kuti madzi aphwe. Amayi anaseka mpaka misozi, ine ndinang'amba tsamba lonse la m'kope langa.

Kenako Lino anatumiza mawu kwathu kuti akufuna Augusta, ndipo zinthu pa meza zinasintha. Amayi tsopano anali apongozi, ndiye mwambo wake mukuudziwa: mkamwini sayang'ana apongozi kumaso, sadya iwo akuona, salankhula nawo mwachindunji. Ambiri masiku ano anazisiya zimenezi, koma osati a Ilda, ndiponso osati Lino. Kusiya jogu palibe anafuna. Choncho Lino anatembenuza mpando wake kuyang'ana mtengo wa papaya, mawu onse n'kumadzera kwa Augusta.

“Augusta, uwauze Amayi kuti Diretori wadya kamba wawo wa paulendo.”

“Umuuze kuti zikachitikanso ndisinja onse awiri, bulu ndi mwini wake,” Amayi ankayankha motero, atakhala mkono umodzi kuchokera pamene panali Linoyo.

Onse ankamukonda. Ine ndekha ndinkadwala naye. Ukwati ukatheka anayenera kudzamanga nyumba pamalo pa Amayi, monga achitira akamwini, kuseri kwenikweni kwa zenera la chipinda changa. M'mawa uliwonse ndikanamamuona akutsimphina kupita ku mota yake. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndiye ine ndinkafuna kumuthamangitsa asanakwerepo. Chifukwa chake ndikuuzani, koma osati pano.

3

Mawu omaliza pa ukwatiwu anali a atsibweni athu, a Sebastião, mlongo wawo wa Amayi, amene amakhala ku Chiputo. Anafika pa njinga Loweruka lina mu Novembala, akuthamangira kuti nkhaniyi ithe mvula isanatseke msewu. Achibale a Lino anayenera kubwera Lachitatu kudzakhala nawo pansi.

Atsibweni ndi munthu wanthabwala, wokonda mtedza wokazinga ndi nkhani za eni. Koma ali ndi muyeso wawo woyezera anthu. Amati pofika pakhomo aliyense amabwera atakonzeka, moni ataloweza, mawondo atafewetsa, ndipo munthu weniweni amaoneka potsanzika. Amasimba monyadira kuti anakanapo mnyamata wina wa ng'ombe zambiri chifukwa anatsanzika ataimirira, dzanja lili m'thumba.

Anali Amayi amene anati atsibweni aonere jogu Lamulungu. Ankafuna kuti mlongo wawo aone mmene Nyamkuntho amaponyera munsi, komanso kuti amuone Lino ali womasuka. Ine ndinavomera msangamsanga, moti Augusta anandiyang'ana modabwa. Sankadziwa kuti ndinali nditatha masiku atatu ndikulemba m'kope langa, ndikutseka njira iliyonse imene Lino akanathawira. Mayeso a ana a m'kalasi mwanga sindinawakonzepo mosamala chotero.

4

Tsikulo kunatentha, mitambo ikungosonkhana osagwetsa kanthu. Atsibweni anakhala pa mpando wa ndalema, mbale ya mtedza ili pamiyendo. Lino anafika atavala malaya oyera, anagwada patali, anapereka moni wokwana bwino, kenako anakhala pamalo pake kuyang'ana papaya. Atsibweni anagwedeza mutu mokhutira.

Poyamba zinthu zinayenda mokoma. Ndinawalowetsa anthu atatu aja m'phanga la m'phiri, mmene munali golide wa mfiti ina. Amayi anaswa chitseko ndi munsi. Mlenje wa Augusta analasa mleme waukulu ngati mbuzi. Diretori anakana kulowa mpaka atamuimbira nyimbo, ndipo Lino anaimbadi, akuyang'ana papaya, atsibweni mpaka kutsamwa ndi mtedza.

Apo m'pamene ndinatsegula tsamba lija. Ndinati pansi pa phangalo pagumuka. Msilikali wa Amayi akulendewera pa chingwe china, mlenje wa Augusta pa china, pansi pawo pali dzenje losaoneka pothera. Wamalonda a mchere ali pamwamba, chingwe china m'dzanja lamanja, china m'dzanja lamanzere.

“Mphamvu zako zikukwana chingwe chimodzi,” ndinatero. “Usiye china. Ndipo lamulo la phangali ndi lakuti amene ukumusiyayo umuuze wekha, ukumuyang'ana kumaso. Lino, utani?”

Lamulo limenelo ndinalipeka dzulo lake. Taonani msampha wake. Akasiya Augusta, wasiya mkazi amene akumufunsira, mwini mbumba akuona. Akasiya Amayi, ayenera kutembenuka, kuwayang'ana apongozi m'maso, n'kuwauza kuti akuwaponya m'dzenje. Ndinali nditatenga ulemu wake womwe n'kuupota kukhala khwekhwe.

Lino anayesa njira zake zija. Anati amangirira zingwe pa bulu, ine ndinati bulu wathawa. Anati pa mwala, ine ndinati miyala yonse ndi yoterera. Anati aitana anthu, ine ndinati phiri lonse mulibe munthu. Amayi, pofuna kuthandiza, anawonjezera moto.

“Augusta, umuuze andisiye ine. Ndakalamba, ndadya zambiri.”

Tsopano kuwamvera kunali kulakwa, kuwakanira kunalinso kulakwa. Thukuta linayamba kudontha m'khosi mwa malaya oyera aja. Patapita kanthawi anati amanga zingwe zonse ziwiri m'chiuno mwake, agona pansi, akoka mpaka onse atuluke kapena onse atatu agwe. Ndinamuuza kuti zimenezo zitheka pokhapokha madadu onse awiri atagwa pa sikisi. Ndimaphunzitsa masamu, ndinkadziwa kuti mwayi wake ndi wochepa zedi.

Anaponya. Dadu loyamba linaima pa sikisi. Lachiwiri linagubuduka, linagunda mbale ya atsibweni, n'kuimanso pa sikisi.

Amayi anaimba nthungululu, Augusta anaomba m'manja. Munthu wanzeru akanasiyira pomwepo n'kuseka nawo. Ine ndinagwedeza madadu anga kuseri kwa katoni, ndipo osawayang'ana n'komwe ndinati anga aposa ake, zingwe zikupulumuka.

“Mano,” anatero Augusta, poti ndi mmene amandiitanira ine mkulu wake, “madadu awiri angapose bwanji khumi ndi ziwiri? Si inu apulofesoli a masamu?”

“Mesitiri satsutsidwa,” ndinayankha. Kenako ndinaweramira kwa Lino. “Siya chimodzi, Lino. Munthu aliyense amasiya.”

Kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu, Lino anatembenuka pa mpando uja. Sanayang'ane Amayi, anayang'ana ine. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Anaika madadu pa meza pang'onopang'ono, anaimirira, n'kutsika pakhonde. Sanagwade, sanaombe m'manja, sanatsanzike aliyense. Mota yake sanailize, anangoikankha mpaka kukatulukira pamsewu.

Atsibweni anaika mbale ya mtedza pansi.

5

Madzulo asanafike chigamulo chinali chitatuluka. Atsibweni anati achibale a Lino asavutike kubwera Lachitatu, iwo abwerera ku Chiputo Lachiwiri m'mawa. Anati ngati munthu angachokere apongozi ake osatsanzika chifukwa cha nkhani yopeka ya pa meza, adzatani tsiku limene mbuzi zidzalowe m'munda mwake? Amayi anayesa kumuikira kumbuyo Lino, koma mawu awo analibe mphamvu, chifukwa nawonso zinawapweteka.

Lolemba Augusta sanatsegule makina ake. Anapita kwa Lino kukamufunsa chimene chinamuchotsa, ndipo iye anangoti walakwa, apepese kwa akuluakulu, koma chifukwa chake sanganene. Anamuchonderera, anamukalipira, anamuopseza kuti amubwezera chitenje chimene anamugulira ku Chipera. Lino anangoti kukamwa pululu. (Mawu akuti “pululu” ndi a Augusta; ine kunalibe.)

Ndiye kuti ndinali nditapambana. Koma chipambano chake chinali chozizira ngati phala la dzulo. M'kalasi ndinalemba samu imodzi pa bolodi katatu, katatu konse yankho losiyana, mpaka ana anayamba kundithandiza. Nditafika kunyumba ndinapeza Augusta atakhala pakhonde paja, maso ali psuu. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zitandipepukira akanatero.

“Mano, Lino anakulakwirani chiyani?” anafunsa. “Ndiuzeni ndidziwe. Ngati ndi munthu woipa, ndimusiya. Inu mumamudziwa kuposa ine.”

Anali wokonzeka kukhulupirira chilichonse chimene ndikananena. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinamuuza kuti mutu ukundipweteka, n'kulowa m'nyumba.

6

Lachiwiri m'mawa atsibweni anali akupopa tayala la njinga, katundu atamanga kale pa kaliyala. Amayi anali akuwakulungira chinangwa cha paulendo, Augusta ataima pakhomo. Ine ndinali nditavala zopita ku ntchito. Ndinafika pa njinga paja, ndinagwira chiwongolero, n'kugwada pansi.

“A tiyu,” ndinatero, poti ndi mmene timaitanira atsibweni, “musapite. Chingwe chija sichinaduke.”

Anaganiza kuti ndikunena za jogu. Ndinati ayi, ndikunena cha ku galimpu.

Nayi nkhani imene ndakhala ndikukuzembetsani. Tsiku limenelo Lino anali m'dzenje, lakuya ngati anthu anayi ataimirirana pamapewa. Ine ndinali pamwamba, nditagwira chingwe chimene ankakwerera potuluka. Ali pakati, ndinamva nthaka ikulira pansi pa mapazi anga, timiyala tikugwera mkati. Ndinaganiza kuti dzenje lonse likugumuka. Ndinasiya chingwe n'kuthawa. Dzenjelo silinagumuke n'komwe, zinangogwa zibuma ziwiri zitatu. Koma Lino anagwa, mwendo n'kuthyoka pawiri.

Nditabwerera ndi anthu, anamutulutsa, ndipo asanafunsidwe n'komwe anati chingwe chaduka. Anthu anatulutsa chingwecho, n'kupezadi chili zidutswa ziwiri. Onse anatukwana wogulitsa zingwe. Ine ndekha ndinaona kuti podukapo panali posalala. Munthuyo, ali yekha pansi paja ndi mwendo wothyoka, anatulutsa mpeni n'kudula chingwe chatsopano kuti bodza lake londiteteza likhale ndi umboni.

Zaka zisanu ndi zitatu sanatchulepo nkhaniyi, ngakhale kwa ine. Akanandizazira, akanandimenya, bwenzi nditapepesa zitatha. Koma iye ankangondipatsa moni, kundinyamula pa mota, kuseka nthabwala zanga. Ine ndinapita ku Tete kukaphunzira, iye anatsala akuphunzira kuyenda. Ubwino wakewo unkandilemera, mpaka ndinayamba kudana naye chifukwa cha iwo. Ndipo pa meza paja sindinkangofuna kuti ukwati uthe. Ndinkafuna kumuona nayenso akusiya chingwe, ngakhale cha m'nkhani yopeka, kuti ndidziwe kuti si ine ndekha.

Nditamaliza, Amayi anakhala pansi pa dothi pomwepo, chinangwa chili m'manja.

“Ndiye mwana wa eni wakhala akutsimphina zaka zonsezi atasenza manyazi ako,” anatero, “iwe n'kumuthokoza chonchi?”

Augusta analowa m'nyumba, n'kutulukanso, n'kulowanso. Atsibweni anaika pampu pansi. Kenako anayamba kumasula katundu pa kaliyala. Anati tsopano amvetsa: mnyamatayo anachoka chifukwa mawu anali atafika pamilomo, ndipo akanati atsegule pakamwa kuti atsanzike, chikanatuluka china. Anasankha kuoneka wamwano kusiyana ndi kuvula mlamu wake pamaso pa mayi ake. Anati pa zaka zawo zonse sanaonepo kutsanzika kwaulemu ngati kumeneko.

Za ine anati mlandu suwola. Wolakwira mnzake amapita yekha ndi nkhuku, wapansi, dzuwa likuswa mtengo. Ndinapempha kuti ndipite madzulo ndikaweruka. Anakana. Ndinapempha kuti ndidzere njira ya kuseri kwa tchalitchi. Anati njira ya kwa Lino ndi ya pamsika. Nkhukuyo anasankha ndi Augusta, ndipo anasankha tambala wamkulu, waphokoso kuposa onse pakhomo.

7

Anthu a ku Fíngoè sadzaiwala tsiku limene pulofesoli wa masamu anadutsa pamsika atavala tayi, tambala akukupiza mapiko kukhwapa kwake. Amayi ogulitsa tomato anafunsa ngati ndikukafunsira mbeta. A mota anaimba mahutala. Tambalayo anandijompha pa dzanja kawiri, ndipo pafupi ndi chigayo anandiipitsira thalauza. Ndinayenda ndithu, poti kubwerera kukanakhala kudutsanso pamsika pomwepo.

Lino ndinamupeza kwawo, pansi pa mtengo wa masawu, akumanga tcheni cha mota. Ataona tambala, anaona tayi, anaona thalauza, anayesetsa kudzigwira koma zinakanika. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinagwada, ndinaika nkhuku patsogolo pake, n'kumuuza kuti ndaulula zonse kwa Amayi, kwa atsibweni ndi kwa Augusta, ndipo achibale ake abwere mawa monga mwa pangano.

Kuseka kunatha. Anapukuta manja pa kansanza, n'kukhala pa chitsa.

Ndinamufunsa funso limene linandikhala pakhosi zaka zonsezi, lakuti anaduliranji chingwe chija. Anati ali pansi paja ankamva mapazi anga akuthawa, ndipo anadzifunsa chimene iye akanachita nthaka ikanalira pansi pa mapazi ake.

“Ndinapeza kuti sindikudziwa, kunyadu, mlamu wanga. Mwina ndikanagwira, mwina ndikanathawa kuposa iwe. Tinali ana. Ndiye ndinati munthu sangafe ndi manyazi pa chinthu chimene inenso sindikudziwa.”

Mawu amene ndinawafunafuna ndi misampha ya masiku atatu anandipatsa ulere, atakhala pa chitsa. Ndikanangomufunsa kalekale. Misozi inayamba kutsika, ndipo ndinayamba kumuthokoza, koma anakweza dzanja.

“Usafulumire. Za ku dzenje ndinakukhululukira tsiku lomwelo, chifukwa unachita mantha. Koma dumingu, Lamulungu lija, pa meza paja sunachite mantha, Arsénio. Unakhala pansi, unalemba, unachita dala. Ndipo unaika Augusta ndi Amayi pa zingwe kuti upweteke ine.”

Ndinafunsa ngati zimenezo angandikhululukirenso.

“Ndiganiza kaye,” anatero. Kenako anatola tambala uja n'kumuyeza kulemera kwake m'manja. “Koma nkhukuyi ndalandira.”

Lachitatu achibale ake anabwera, ndipo nkhani inatha bwino dzuwa lisanapendeke. Potsanzika, Lino anagwada nthawi yaitali moti atsibweni anachita kumuuza kuti adzuke, mwendo ungamupweteke. Mvula yoyamba inagwa Lachisanu, atsibweni atafika kale ku Chiputo. Ukwati unachitika titakolola, ndipo njerwa za nyumba yawo ndinaumba nawo ine, Loweruka lililonse, popanda wondituma.

Kwa inu owerenga

Jogu timasewerabe, ndipo mphambano ndimamangabe, chifukwa masewera opanda chogwiritsa mutu sakoma. Koma ndisanaike munthu pakati pa zinthu ziwiri zowawa, ndimadzifunsa kuti funsoli ndi la nkhaniyi, kapena ndi langa limene ndikuopa kuliyankha ndekha.

Ambiri a inu simunagwirepo madadu, koma misampha yotere mumaitchera ndithu. Mumafunsa mwana kuti amakonda mayi kapena bambo. Mumauza mwamuna kuti asankhe pakati pa inu ndi abale ake, mkazi kuti asankhe pakati pa banja ndi ntchito. Mumati mukuyesa mtima wake. Ine ndaphunzira mochedwa kuti woyesa anzake kawirikawiri amakhala ndi mayeso ake amene anagwa, ndipo akufuna wogwa naye. Ngati muli ndi munthu amene ubwino wake umakupwetekani, musamutchere msampha. Pitani mukamuuze chimene munachita, nkhuku isanafike poti idutse pamsika.

Musaganize kuti kuulula kumakonza zonse tsiku limodzi. Lino amakhala kuseri kwa zenera langa, timadyera mbale imodzi, ndipo mwana wawo akadzabadwa akuti ine ndidzakhale nawo pomutcha dzina. Mwezi wathawu, tikuchokera ku Chipera pa mota, ndinamufunsanso ngati wamaliza kuganiza za pa meza paja. Anati sanamalize, ndipo ndigwiritsitse chifukwa kutsogoloku kuli mchenga.